Ogulitsa akuti waranti ya njinga yanga inatha, chonsecho chaka sichinakwane

Funso lomwe talandira ndi ili:

"Ndinagula njinga yamoto yatsopano, ya 150cc, kwa ogulitsa ovomerezeka ndi kampani yomwe imapanga njingazi. Papita miyezi 7 ndipo yayenda makilomita pafupifupi 6,000. Sevisi yoyamba ndinakachititsa kwa iwo omwewo, anadinda m'kabuku. Yachiwiri inandipeza ndili kutali, ndiye ndinapatsa makaniko wina yemwe ndimamudziwa. Iye anangosintha oyilo ndi kukunga tcheni. Ndinaikitsanso tchaja ya foni ndi nyali ziwiri zowonjezera. Tsopano njinga yayamba kutulutsa utsi wabuluu ndipo oyilo akutha msanga. Nditaibweza kwa ogulitsa, bambo wa pa kauntala anangotsegula kabuku n'kunena kuti waranti inatha tsiku lomwe ndinapita kwa makaniko wapadera, komanso kuti mawaya ndinawasokoneza. Njinga ili konko masabata atatu tsopano, palibe waigwira. Akuti ngati ndikufuna akonze, ndilipire. Kodi basi ndataya? Ndikaitenge ndikapatse makaniko wanga atsegule injini?"

Achimwene, pepani ndi zomwe zakugweranizi. Njinga yatsopano kuyamba kufuka chaka chisanathe zimawawa, makamaka ngati ndiyo imakufikitsani kuntchito. Koma mtima m'malo, nkhaniyi sinathe. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, poti ndilo lofunika kuliyankha msanga: injiniyo musaipereke kwa makaniko wanu kuti aitsegule, angakhale waluso chotani. Pakali pano umboni wanu wonse uli m'kati mwa injiniyo. Ikangotsegulidwa ndi munthu yemwe kampani sikumudziwa, aliyense adzatha kunena kuti chomwe chapezeka chowonongeka anawononga ndi iyeyo, ndipo inu mudzasowa choyankha.

Zomwe anakuuzani bambo wa pa kauntala si chigamulo. Waranti si ya ogulitsa, ndi lonjezo la kampani yopanga njinga, loti chikawonongeka chinthu chifukwa cha chitsulo chosalimba kapena kapangidwe kolakwika m'nthawi yomwe anaika, adzakonza popanda inu kulipira. Njinga zambiri nthawiyo imakhala miyezi 12 kapena 24, ndipo makampani ena amaikanso malire a makilomita, chomwe chayamba kukwana ndicho chimatseka. Pakati pa inu ndi fakitale pamakhala anthu awiri: kampani yomwe inapatsidwa mphamvu yoitanitsa njingazo m'dziko, ndi shopu yomwe inakugulitsani. Shopu ntchito yake ndi kuyeza njinga, kulemba zomwe yapeza, kujambula zithunzi ndi kutumiza pempho kwa oitanitsa kapena ku fakitale. Ovomera kapena kukana amakhala kumeneko. Ndiye funso loyamba lokafunsa n'lakuti, kodi pempho la njinga yanga linatumizidwa? Mmene mwafotokozeramu, ndikukayika ngati linalembedwa n'komwe.

Mwina mukudabwa kuti anthu omwe anakulandirani ndi manja awiri tsiku logula asinthiranji nkhope. Ndagwira ntchito m'magalaja a njinga kwa nthawi yaitali, ndipo chifukwa chake ndimachidziwa. Ntchito ya waranti siikoma kwa ogulitsa. Kampani imakhala inawerengeratu maola omwe ntchito iliyonse iyenera kutenga, ndipo imalipira maola okhawo, ngakhale bawuti itadukira m'kati n'kudya tsiku lonse. Kawirikawiri mtengo wa ola umakhalanso wotsika poyerekeza ndi womwe kasitomala wolipira yekha amapereka, ndalamazo zimabwera mochedwa, ndipo pali mafomu odzaza ndi zitsulo zakale zoti zisungidwe kapena zitumizidwe. Kampani ikakana pempho ntchito itagwiridwa kale, shopu ndiyo imaluza. Choncho munthu akaona bokosi lopanda chidindo m'kabuku, amapezerapo njira yachidule. Sindikunena kuti ogulitsa onse ndi otero. Alipo ambiri omwe amamenyera kasitomala wawo nkhondo mpaka kampani itavomera, chifukwa amadziwa kuti munthu ameneyo adzabweranso kudzagula ina. Koma mukadziwa pomwe pakuwapweteka, mudzadziwanso kalankhulidwe koyenera nawo.

Waranti siikhudza zinthu zomwe zimatha ndi kuyenda: matayala, mabuleki, tcheni ndi masipuloketi, mapuleti a kilatchi, pulagi, mababu, mafyuluta, zingwe za kilatchi ndi mabuleki, ndi oyilo. Batire nthawi zambiri limakhala ndi nthawi yakeyake yaifupi. Siikhudzanso ngozi, kapena chomwe chawonongeka chifukwa cha kusasamala. Pisitoni, maringi, silinda ndi mavavu sizili m'gulu la zotha msanga. Pa makilomita 6,000 injini ikadali yanthete, siyenera kumadya oyilo mpaka kufuka. Chilipo chomwe chalakwika, ndipo nkhani yanu yonse yagona pa funso limodzi: chinayambitsa n'chiyani?

Utsi wabuluu umatanthauza kuti oyilo akulowa momwe mumapsera mafuta. Njira zake zazikulu ndi ziwiri. Akhoza kukwera kuchokera pansi, kudutsa pa maringi a pisitoni, kapena kutsika kuchokera pamwamba, kudutsa pa timasilo ta mavavu, timphira tating'ono totchinga oyilo kuti asatsikire m'silinda. Njinga ikamafuka kwambiri m'mawa poiliza kapena mukangosiya moto potsika mtunda, kenako n'kumachepa, timaganizira timasiloto. Ikamafuka mukamakoka moto ndipo mphamvu zachepa, timaganizira maringi ndi silinda. Ringi ikhoza kukhala inathyoka poiika ku fakitale, kapena anaiika mozondoka, kapena silinda sinasalazidwe bwino kotero kuti maringi sanakhazikike. Kasilo ka vavu kakhoza kukhala kanang'ambika poikidwa. Zonsezi ndi zolakwa za wopanga, ndipo sizikukhudzana ndi yemwe anasintha oyilo pa sevisi yachiwiri.

Koma ndikuuzeninso mbali ina, chifukwa sindikufuna mukayime pamaso pawo musakuidziwa. Chomwe chimapha injini zatsopano kwambiri ndi fumbi. Njinga yofuka ikafika pa ine, ndisanagwire sipanala ndimayamba ndatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya. Ndimachotsa fyulutayo, n'kupisa chala m'paipi ya labala yomwe imapita ku kabuleta, kuseri kwa fyuluta komwe kuyenera kukhala koyera. Chala chikatuluka choyera, ndimadziwa kuti mwini njinga ali ndi poyambira. Chikatuluka ndi kafumbi kosalala kotuwa, komva ngati phulusa ukakapekesa, ndiye kuti fumbi lakhala likulowa mu injini, ndipo limapala silinda ngati sandipepa. Mukatsegula injini yotero mumapeza timizere tomwe fakitale inasiya m'silinda tafufutika, khoma likunyezimira, maringi atapyapyala. Apo kampani imakana, ndipo imakhala ikulondola, pokhapokha zitaoneka kuti bokosilo linabwera losatseka bwino kapena paipi inasiyidwa yosamanga pomwe ankalumikiza njinga m'shopu. Paja njinga zambiri zimafika m'makreti, zina zili zidutswazidutswa, ndipo ogulitsa ndiwo amazimanga ndi kuziyendera asanakupatseni. Zolakwa za pamenepo si zanu.

Zina zomwe zingakugwetseni ndi kuyenda ndi oyilo wochepa mpaka injini kutentha, kuthira oyilo wachinyengo, ndi kuithamangitsa kwambiri m'makilomita oyambirira maringi asanakhazikike. Zonsezi zimasiya zizindikiro zomwe makaniko wodziwa amaziona: mikwingwirima yakuya m'mbali mwa pisitoni, chitsulo chosintha mtundu chifukwa cha kutentha, kamu (chitsulo chotsegula mavavu) yodyeka.

Palinso kanthu kakang'ono komwe ndikufuna kayang'anidwe koyamba, poti kamanamiza anthu ambiri. Injini zazing'ono ngati yanu zambiri zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha. Makaniko akathira mopyola, kapena akayeza njinga itapendekeka pa sitandi ya m'mbali n'kuwonjezera, oyilo wotsalayo amakankhidwira m'kapaipi kopumira injini mpaka m'bokosi la fyuluta, kenako injini imamukoka n'kumamuwotcha. Njinga imafuka ngati yatha, chonsecho ilibe vuto. Mukapeza oyilo ali chithaphwi pansi pa bokosilo, mwina nkhani yonse ndi yomweyo, ndipo imatha ndi kupukuta, kusintha fyuluta ndi kuthira muyezo woyenera.

Za nyali ndi tchaja zisakudetseni nkhawa pa vuto ili. Waya sangadye ringi. Zikanakhala kuti chafa ndi batire, makoyilo opanga magetsi kapena regyuleta, apo akanakhala ndi mfundo, chifukwa njinga zazing'ono zimapanga magetsi ochepa ndipo nyali zowonjezera zimalemetsa. Dziwani kuti pa zamagetsi mwina mwadzichotsera nokha chitetezo, makamaka ngati anadula mawaya osaika fyuzi. Koma kusintha chinthu chimodzi sikuyenera kufafaniza lonjezo pa njinga yonse. Afunseni mwaulemu kuti akulongosolereni mmene tchaja ya foni yalowetsera oyilo m'silinda.

Pofooka panu penipeni ndi sevisi yachiwiri ija, ndipo apa sindikunamizani. Timabuku tambiri ta waranti timanena kuti sevisi iliyonse ichitikire kwa ogulitsa ovomerezeka, pa makilomita ndi miyezi yomwe yalembedwa. Mphamvu ya mawu amenewo imasiyana dziko ndi dziko. Ku America kuli lamulo la 1975 lotchedwa Magnuson-Moss Warranty Act, lomwe limaletsa kampani kukakamiza munthu kugwiritsa ntchito masipeya ake kapena galaja yake kuti waranti ipitirire, pokhapokha ikamapereka zimenezo mwaulere. Mu 2022 bungwe la boma la Federal Trade Commission linadzudzula kampani yopanga njinga zamoto ya Harley-Davidson pa nkhani yomweyi, ndipo kampaniyo inauzidwa kuti ichotse m'waranti yake mawu oti waranti imatha munthu akakonzetsa kwina kapena akaika masipeya a kampani ina. M'mayiko a European Union, wogulitsa amayankha pa katundu wolakwika kwa zaka zosachepera 2, kaya waranti ya wopanga ilipo kaya palibe. Ku Britain, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati vuto likaoneka m'miyezi 6 yoyamba, limatengedwa kuti linalipo kale pogula, ndipo wogulitsa ndiye ayenera kuonetsa kuti sizinali choncho.

Ndatchula zimenezi kuti muone kuti maganizo oti kampani iyenera kuonetsa kugwirizana kwa chomwe munachita ndi chomwe chawonongeka si achilendo. M'mayiko ena malamulo sanafike pamenepo, ndipo mawu a m'kabuku ndiwo amalemera kwambiri. Komabe mayiko ambiri ali ndi lamulo loteteza ogula, lonena kuti katundu wogulitsidwa akhale woyenera ntchito yomwe anagulidwira, ndipo ufulu umenewo ndi wosiyana ndi waranti. Werengani kabuku kanu mzere ndi mzere usiku uno. Onani ngati kakunena kuti waranti yonse imatha mukaphonya sevisi, kapena kuti kampani siidzalipira zowonongeka chifukwa chophonya sevisi. Ziganizo ziwirizi zimamveka zofanana koma n'zosiyana kwambiri, ndipo timabuku tambiri tili ndi chachiwiricho.

Kenako sonkhanitsani umboni woti sevisiyo inachitikadi, munthawi yake, ndi zinthu zoyenera. Ngati lisiti la oyilo lilipo, lisungeni bwino. Pitani kwa makaniko uja akulembereni pa pepala tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo ndi kuchuluka kwake, ndi ntchito yomwe anagwira, asayine. Alembe zoona zokhazokha. Musayese kupeza chidindo chabodza kapena kubweza tsiku m'mbuyo, chifukwa zikadziwika mwataya zonse, ngakhale pomwe munali olondola. Oyiloyo akhale wa kulemera komwe buku la njinga likunena, kaya ndi 10W-40 kaya 20W-50, ndipo pa botolo pakhale chizindikiro cha JASO MA kapena MA2, chomwe chimasonyeza kuti ndi wa njinga zomwe kilatchi yake imakhala m'oyilo. Uthenga wa pa foni womwe munatumizirana naye tsikulo, kapena chithunzi cha mita, zonsezo n'zothandiza.

Simunanene ngati njingayi mumanyamulira anthu kapena katundu molipiritsa. Ngati ndi choncho, yang'ananinso m'kabukumo, chifukwa makampani ena amafupikitsa waranti pa njinga yamalonda, ena amaichotseratu, pomwe ena omwe njinga zawo anapangira ntchito yomweyo alibe nazo vuto.

Mukabwerera ku shopu, musathere pa kauntala. Pemphani kuonana ndi mkulu wa galaja kapena yemwe amayendetsa za waranti. Pitani ndi mtima wodekha, poti munthu yemwe mukulankhula nayeyo ndi yemwe adzalembe lipoti lopita ku kampani, ndipo mawu omwe adzasankhe ali ndi mphamvu. Pemphani job card, pepala losonyeza tsiku lomwe njinga inalowa, makilomita ake ndi dandaulo lanu. Pepala limeneli n'lofunika koposa, chifukwa limatsimikiza kuti vuto munalinena waranti ikadalipo, ngakhale nkhani itakokeka mpaka chaka kutha. Ngati sanalembe masabata atatu apitawo, alembe tsopano ndi tsiku lenileni lomwe munaisiya.

Ndiye pemphani kuti ayeze njinga inu mulipo, ndi zoyeza zosafuna kutsegula injini. Aone muyezo wa oyilo njinga itaima chilili. Atsegule bokosi la fyuluta, mupisemo chala nokha ndi kujambula. Amasule pulagi: ikakhala yakuda, yonyowa ndi oyilo, zikutsimikiza kuti oyilo akupsa. Ayeze kompuresheni (mphamvu yomwe pisitoni imafinyira mpweya m'silinda), kenako adonthezere oyilo pang'ono pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera kwambiri kachiwiriko, vuto lili pa maringi kapena silinda. Ikapanda kusintha, maso apite ku mavavu. Makampani ena amafunanso kuyeza kadyedwe ka oyilo: amathira muyezo wodziwika, n'kukuuzani muyende makilomita angapo mazana, mubwere ayezenso. Akakupemphani zimenezo vomerani, koma muziyang'ana oyilo tsiku lililonse musanalize, chifukwa injini ikagwira panjira oyilo atatha, mlandu udzasanduka wanu.

Zikafika poti injini itsegulidwe, gwirizanani kaye polemba kuti adzalipire ndani. Mwachizolowezi, vuto likapezeka kuti ndi la fakitale kampani imalipira zonse, ndi kutsegula komwe. Likapezeka kuti ndi lanu, mumalipira ndinu. Izi n'zachilungamo, bola akuuzeni mtengo wake pasadakhale ndipo akulonjezeni kuti sapitirira popanda chilolezo chanu. Khalanipo tsiku lotsegula ngati n'kotheka, jambulani pisitoni mbali zonse, maringi ndi m'kati mwa silinda. Kampani ikakana kulipira, zitsulo zomwe achotsa ndi zanu, musazisiye.

Akaumirirabe kukana, anene polemba: chomwe chawonongeka, chomwe chachititsa, ndi ndime ya m'kabuku yomwe akutsamira. Ndaona kangapo nkhani ikusintha pomwepa, chifukwa kukana pakamwa n'kosavuta, koma kusayina pansi pa chifukwa chosamveka munthu amaganiza kawiri. Ndi kalatayo, kapena ngakhale atakana kuilemba, lemberani kampani yoitanitsa njingazo kapena ofesi ya wopanga yoona za makasitomala. Kalata ikhale yaifupi, yopanda mkwiyo: tsiku logula, dzina la shopu, makilomita, sevisi zonse ziwiri monga zinachitikira, vuto, ndi chomwe mukupempha. Musaiwale nambala ya chasisi, ija ya zilembo ndi manambala 17 yodindidwa pa felemu pafupi ndi khosi la njinga, ndi nambala ya injini. Tumizani makope, zenizeni zikhale ndi inu. Apatseni masiku omveka oti ayankhe, monga 14.

M'kalata momwemo funsani zinthu ziwiri. Choyamba, ngati pali chidziwitso chomwe fakitale inatumiza kwa ogulitsa chokhudza vuto lotere pa mtundu wa njinga yanu, kapena ngati njingazo zinaitanidwa kuti zikakonzedwe. Njinga ikaitanidwa chotero imakonzedwa mwaulere, za chidindo sizilowapo. Chachiwiri, ngati sangavomere monga waranti, akuganizireni mwa chifundo cha kampani. Makampani ambiri ali ndi njira yotere, yothandizira kasitomala yemwe waphonya pang'ono, ndipo kawirikawiri amapereka masipeya inu n'kulipira ntchito, kapena kugawana pakati. Sailengeza, muyenera kuipempha. Kwa munthu yemwe waphonya chidindo chimodzi koma sevisi anachita, ine ndimaona kuti apa ndi pomwe nkhani zambiri zimathera, ndipo akakupatsani zotere muziganizire bwino musanakane.

Ngati m'dera lanu muli shopu ina yovomerezeka ndi kampani yomweyo, mukhoza kupititsa njinga kumeneko. Waranti ya wopanga imatsata njinga, siimangiriridwa pa shopu yomwe munagula. Chomwe chimavuta ndi njinga yolowa m'dziko mosadzera kwa oitanitsa ovomerezeka, chifukwa waranti zambiri zimagwira ntchito m'dziko lomwe njingayo inapangidwira kuti ikagulitsidwe. Poti inu munagula kwa ovomerezeka ndipo anadinda sevisi yoyamba, zimenezo sizikukukhudzani, komabe funsani oitanitsa ngati njinga yanu inalembetsedwa m'kaundula wawo, poti mashopu ena amaiwala kutumiza khadi lolembetsera.

Masabata atatu njinga ili chiimire popanda woigwira n'kulakwa, ngakhale mlandu utakhala wanu. Pitani mukaijambule mmene ilili, mita ndi mbali zonse, ndipo muwapemphe aisunge pansi pa denga ndi kuchotsa waya wa batire kuti lisathe. Ngati munaigula pa ngongole, pitirizani kubweza. Kusiya kulipira chifukwa chokwiya kumangokutsegulirani mlandu wina, ndipo obwereketsa akhoza kuilanda. Za kulemba pa Facebook dikirani kaye. Mukatero musanayese njira zinazi, anthu omwe akanakuthandizani amaumitsa khosi, ndipo mukalemba chomwe simungachitsimikize mukhoza kudziputira nkhani.

Nthawi yofuna thandizo lakunja ndi pomwe kampani yakana polemba koma chifukwa chake sichikugwirizana ndi zomwe munaona mu injini, kapena masiku omwe munawapatsa atha ali chete. Apo pezani makaniko wodziimira payekha wokhala ndi mapepala a ntchito yake, aone zitsulo ndi zithunzi, alembe lipoti. Kenako kadandauleni ku bungwe la boma loteteza ogula m'dziko lanu, lomwe nthawi zambiri limalandira madandaulo popanda malipiro ndipo limatha kuitanitsa mbali zonse ziwiri. Zikakanika pamenepo, funsani loya kapena ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo za khoti la milandu ing'onoing'ono. Musanafike ku khoti, werengerani bwino: pa injini ya silinda imodzi, pisitoni, maringi, magasiketi ndi kukonza silinda si ntchito yodula kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa njinga, ndipo mlandu ukhoza kukudyerani zambiri kuposa kukonzako.

Akavomera n'kukonza, tengani pepala losonyeza zonse zomwe asintha, ndipo funsani kuti zatsopanozo zili ndi waranti ya nthawi yaitali bwanji, chifukwa kawirikawiri waranti siiyambiranso, imangopitirira mpaka tsiku lomwe inayenera kuthera. Injini yoikidwa maringi atsopano muiyendetse ngati yatsopano: osaikoka moto mpaka kumapeto, osainyamulitsa katundu wolemera, kusinthasintha liwiro, ndi kusintha oyilo msanga pa makilomita omwe buku limanena pa sevisi yoyamba, omwe pa njinga zambiri amakhala pakati pa 500 ndi 1,000. Sevisi zotsala mpaka waranti ithe kachititseni kwa ovomerezeka, ndipo ikadzakupezaninso muli kutali, imbirani shopu kapena oitanitsa musanapite kwa makaniko wina, akuuzeni chochita pa uthenga wolembedwa, muusunge.